Ufulu Udayambira ku Malire: Karonga ndi Phunziro la Maiko a Chisipanishi

Mwana wasukulu akafunsidwa tsiku limene dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira, sachedwa kuyankha kuti ndi pa 6 Julayi 1964. Yankholo n'loona, ndipo pamayeso limapatsa malikisi. Koma tsikulo lidali lokolola chabe. Munda udalimidwa kale, ndipo mbali ina ya mundawo idali kutali ndi Zomba kumene kunkakhala Bwanamkubwa, kutalinso ndi Blantyre kumene mbendera ya Angerezi idatsitsidwa. Idali ku Karonga, kumapeto kwenikweni kwa dziko lino, kumene mtsinje wa Songwe umalekanitsa Malawi ndi Tanzania.

Mbiri ya Karonga imamveka bwino munthu akaiyika pambali pa mbiri ina yakale: ya maiko olankhula Chisipanishi a ku America, amene adachotsa ulamuliro wa mfumu ya ku Spain pakati pa 1810 ndi 1825. Anthu a kumeneko adayenda njirayi zaka 140 Amalawi asanaiyende, ndipo adapeza chimene Amalawi adadzapezanso, kuti kuchotsa mtsamunda ndi ntchito ina, kumanga mtundu ndi ntchito inanso, ndipo yolemetsa ndi yachiwiriyi.

Zimene zidachitika kutsidya kwa nyanja yamchere

Kwa zaka pafupifupi 300 mfumu ya ku Spain idalamulira dera lalikulu kuyambira ku Mexico mpaka ku Chile ndi Argentina. Chakumapeto kwa ulamulirowo deralo lidali m'zigawo zazikulu zinayi, zimene malikulu ake adali Mexico City, Lima, Bogotá ndi Buenos Aires, ndipo chigawo chilichonse chidali ndi nduna yoimira mfumu. Siliva wa m'migodi ya ku Potosí ndi Zacatecas ankapita ku Ulaya. Okumba ku Potosí adali eni nthaka, amene ankakakamizidwa ndi lamulo lotchedwa mita, lamulo limene Mmalawi wakale akadalitcha thangata. M'minda ya nzimbe ndi koko munkagwira akapolo ochokera ku Africa.

Pakati pa olamulira ndi olamulidwa padali gulu lina lotchedwa criollo, ndiye kuti ana ndi zidzukulu za Asipanishi obadwira ku America. Iwowa adali ndi minda, chuma ndi maphunziro, koma maudindo apamwamba kawirikawiri ankapatsidwa kwa anthu obadwira ku Spain. Kudandaula kudalipo, koma mantha adaliponso. Pamene Túpac Amaru II adautsa eni nthaka ku Peru mu 1780, a criollo ambiri sadamthandize, pakuti ankaopa anthu a pansi pawo koposa mmene ankaipidwira ndi mfumu. Iye adagwidwa naphedwa ku Cuzco mu 1781.

Mpata udapezeka mu 1808, pamene Napoleon wa ku France adalowa m'dziko la Spain, nachotsa mfumu Ferdinand VII pampando ndi kuikapo mbale wake Joseph. Funso lidabuka m'mizinda ya ku America: mfumu ikasowa, ulamuliro ukhale m'manja mwa yani? Mu 1810 makhonsolo a mizinda adayankha, ku Caracas pa 19 Epulo, ku Buenos Aires pa 25 Meyi, ku Bogotá pa 20 Julayi ndi ku Santiago pa 18 Seputembala. Adakhazikitsa mabungwe olamulira, koma ponena kuti akungosungira mfumu yawo dziko mpaka idzabwerere. Ku Mexico wansembe Miguel Hidalgo adaitana anthu wamba kunkhondo pa 16 Seputembala chaka chomwecho, koma adagwidwa nawomberedwa mu 1811.

Ferdinand atabwerera pampando mu 1814 adakana kugawana mphamvu ndi wina aliyense, natumiza asilikali kukalanga ogalukira. Kuuma mtima kumeneku ndiko kudasandutsa ambiri opempha kukhala ofuna ufulu wonse. José de San Martín adaoloka mapiri a Andes mu 1817, namasula Chile pamodzi ndi Bernardo O'Higgins, ndipo adalowa mu Lima mu 1821. Simón Bolívar wa ku Caracas adapambana ku Boyacá mu 1819 ndi ku Carabobo mu 1821, chaka chimene Mexico nayenso adapata ufulu. Nkhondo yaikulu yomaliza idamenyedwa ku Ayacucho pa 9 Disembala 1824, kumene kazembe Antonio José de Sucre adagonjetsa gulu la mfumu. Zilumba za Cuba ndi Puerto Rico ndizo zidatsalira m'manja mwa Spain mpaka 1898.

Mmene Angerezi adalowera ku Karonga

Ku Karonga ulamuliro wachilendo udafika mochedwa, ndipo udalowera pakhomo la malonda. Chigwachi chidali kale ndi ufumu wake wa Angonde pansi pa Kyungu, amene likulu lake lakale lidali paphiri la Mbande. Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, idatsegula sitolo pagombe la Karonga, poyambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. M'zaka zomwezo Mlozi, wamalonda wa minyanga ndi akapolo, adamanga malinga ake chakumtunda kwa mtsinje wa Rukuru. Mu 1887 nkhondo idabuka, ndipo Angonde ambiri adaphedwa padambo la Kambwe. Azungu a kampani adamenyana ndi Mlozi kwa zaka ziwiri osamgonjetsa. Harry Johnston ndiye adadzagwetsa linga lake mu Disembala 1895, ndipo Mlozi adapachikidwa.

Angonde adapulumuka ku ukapolo, koma wowapulumutsayo sadabwerere kwawo. Ngakhale nkhondoyo isanathe, tsogolo lawo lidali litakambidwa kale ku Ulaya. Pangano la Angerezi ndi Ajeremani la mu 1890 lidaika malire pamtsinje wa Songwe. Angonde adagwera kwa Angerezi, pamene abale awo Anyakyusa, olankhula chinenero chofanana ndi chawo, adagwera kwa Ajeremani. Mu 1891 dziko lino lidalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo mu 1907 lidapatsidwa dzina la Nyasaland. Karonga idakhala likulu la boma la North Nyasa.

Motero Mngonde, Mtumbuka, Mtonga, Mngoni, Mchewa, Myao, Mlomwe ndi Msena adapezeka ali mumpanda umodzi umene palibe mmodzi mwa iwo adaumanga. Chimene chidawalumikiza poyamba chidali msonkho wa nyumba, bwalo la Bwana Disi, sitima ya panyanja ndi sukulu ya mishoni.

Bungwe la mu 1912

Sukulu imene idasintha zinthu kumpoto idali ya Overtoun ku Khondowe, imene Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia adatsegula mu 1894. Kumeneko kudatuluka aphunzitsi, alaliki, akalaliki ndi amisiri amene ankawerenga malamulo a boma m'Chingerezi ndi kuona pamene malamulowo akusiyana ndi zimene boma linkalonjeza.

Mu 1912 ena mwa anthu otere adakhazikitsa ku Karonga bungwe la North Nyasa Native Association, loyamba la mtundu wake m'dziko lino. Pakati pa oliyambitsa padali Simon Muhango ndi Levi Mumba. Bungweli silidanene za ufulu wodzilamulira. Cholinga chake chidali kudziwitsa boma maganizo a anthu akuda ndi kufotokozera anthu malamulo a boma. Mamembala ankakumana, kukambirana mwadongosolo, kulemba zimene agwirizana ndi kuzitumiza kwa akuluakulu a boma m'mau aulemu. Monga makhonsolo a ku Caracas ndi Buenos Aires, iwo ankatsimikiza kuti ndi anthu omvera mfumu. Koma chinthu chachilendo chidali chitayamba: anthu a mafuko osiyana ankakhala pamodzi kuweruza ntchito za boma, osati m'dzina la fuko, koma m'dzina la anthu onse okhala m'bomalo.

Patangopita zaka ziwiri, nkhondo ya Azungu idafika pakhomo. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Ajeremani, amene adaoloka Songwe, adaukira boma la Karonga ndipo adabwezedwa ndi gulu la King's African Rifles. Manda a Azungu a mbali zonse ziwiri akadali ku Karonga mpaka lero, koma ochuluka mwa akufa tsiku limenelo adali asilikali akuda. Mbiri ya imfa zimenezi itafika ku Chiradzulu, Mbusa John Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe adaukira, ndipo pa 3 Febuluwale adaphedwa. Monga Hidalgo, iye adali mtsogoleri wa mpingo amene adagonja pankhondo koma nakhala chiyambi cha mbiri ya mtundu.

Njira ya mfuti itatsekeka, njira ya ku Karonga ndiyo idafalikira. Bungwe la West Nyasa lidayamba mu 1914, la Mombera mu 1920, ndipo ena adatsatira m'zigawo za pakati ndi kumwera. Adapempha kuti boma lilowerepo pamaphunziro, adadandaula za msonkho, za thangata ndi za chipongwe chimene munthu wakuda ankalandira m'maofesi ndi m'masitolo. Mayankho ankachedwa. Nthambi ya boma ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo sukulu ya sekondale yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre mu 1940. Mu 1944 James Frederick Sangala ndi anzake adasonkhanitsa mabungwewa kukhala Nyasaland African Congress, ndipo pulezidenti wake woyamba adali Levi Mumba yemwe uja wa mu 1912. Iye adamwalira mu Januwale 1945, atangoona chiyambi cha ntchitoyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo: kuchokera pamsonkhano wa ku Karonga kufika pa bungwe la dziko lonse padapita zaka 32.

Chitaganya ndi ufulu wa eni minda

Pano pali kusiyana kumene wophunzira ayenera kukugwira bwino. Ku America otsogolera ufulu adali a criollo, zidzukulu za atsamunda. Eni nthaka ndi akapolo adamenya nawo nkhondo, ena mbali iyi ena mbali inayo, koma ulamuliro utachoka kwa mfumu udapita kwa eni minda. Ukapolo udapitirira ku Venezuela ndi ku Peru mpaka 1854, zaka 30 pambuyo pa Ayacucho, ndipo msonkho wolipira eni nthaka okha udathetsedwa ku Peru chaka chomwecho.

M'chigawo chino cha Africa, ofanana ndi a criollo adali Azungu okhazikika a ku Southern Rhodesia. Iwonso ankafuna kumasuka ku London, koma kuti alamulire okha. Anthu a ku Nyasaland ankaudziwa bwino moyo wa ku Rhodesia, popeza ambiri adagwirako ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo adalawa malamulo a chitupa ndi tsankho. N'chifukwa chake adakana kuphatikizidwa ndi Rhodesia pamaso pa bungwe lofufuza la Bledisloe mu 1938. Koma mu 1953 boma la Britain lidakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mosalabadira kukana kwa mafumu ndi Congress. Pamene Roy Welensky adayamba kufuna kuti Chitaganya chipatsidwe ufulu wonse, anthu adaona kuti nthawi ikutha. Ufulu wa mtundu umenewo ukadabwera, mbendera ikadasintha koma goli likadalemera. Zimenezi zidaonekadi ku Rhodesia pamene Ian Smith adalengeza ufulu wa Azungu mu 1965.

Chitaganya chidachita ku Nyasaland chimene kuuma mtima kwa Ferdinand kudachita ku America: chidatha chikhulupiriro chakuti kupempha mwaulemu n'kokwanira. Achinyamata monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956, adaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo iye adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958.

Ana a ku Karonga m'chaka cha 1959

Mlembi wamkulu wa Congress panthawiyo adali mwana wa m'boma la Karonga, Dunduzu Chisiza, wobadwa mu 1930. Adaphunzira ku Livingstonia ndi ku Uganda, ndipo akugwira ntchito ku Salisbury adayambitsa nawo bungwe la City Youth League pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro. Boma la Southern Rhodesia lidamthamangitsa mu 1956. Atakaphunzira ku Fircroft College mumzinda wa Birmingham, adabwerera kudzakonza nthambi za chipani. Mkulu wake, Yatuta Chisiza, amene adagwirapo ntchito ya upolisi ku Tanganyika, adali mmodzi mwa anthu oyandikana kwambiri ndi Dr Banda. Kumapiri a Misuku, amene panthawiyo adali m'boma la Karonga, kudali Flax Musopole, amene adaphunzira ndale akugwira ntchito ku South Africa.

Mu Febuluwale 1959 boma la Karonga lidali pakati pa madera oyamba kumene mphamvu ya atsamunda idagwedezeka. Misonkhano ya Congress inkachitika popanda chilolezo, ndipo anthu ankalimbana ndi apolisi. Ku Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa, khamu lidatseka bwalo la ndege. Bwanamkubwa Robert Armitage adaitanitsa asilikali ku Southern Rhodesia, ndipo m'bandakucha wa pa 3 Malichi adalengeza lamulo la nthawi ya chipolowe. Congress idaletsedwa. Dr Banda, Chipembere ndi abale awiri a Chisiza adatsekeredwa ku Gwelo. Anthu oposa 1,300 adamangidwa, ndipo malinga ndi lipoti la boma anthu 51 adaphedwa, mwa iwo 20 padoko la Nkhata Bay tsiku loyamba lomwelo. Ku Misuku milatho idagwetsedwa ndi misewu kutsekedwa, ndipo Musopole adazemba asilikali kwa miyezi ingapo.

Boma lidati Congress idakonza chiwembu chopha Azungu. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, m'lipoti lake la mu Julayi 1959, silidapeze umboni wa chiwembu chokonzedwa chotere. Lidapezanso kuti kukana Chitaganya kudali ponseponse, ndi kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Monga Spain wa mu 1808, Britain naye adali atafooka kwawo, choyamba ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenaka ndi manyazi a ku Suez mu 1956. Iain Macleod, amene adakhala nduna yoona za maiko a atsamunda mu Okutobala 1959, adasankha kukambirana. Chipani cha Malawi Congress, chimene Orton Chirwa ndi Aleke Banda adayambitsa mu Seputembala 1959, chidakula mofulumira. Dr Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, zokambirana zidachitika ku Lancaster House chaka chomwecho, ndipo pachisankho cha mu Ogasiti 1961 chipanicho chidapambana kwambiri. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Chimene ku America chidatenga zaka 15 za nkhondo, ku Nyasaland chidabwera ndi misonkhano, ndende, magazi a mu 1959 ndi voti.

Walira mvula walira matope

Mbiri ziwirizi zimakumananso mbendera itakwera. Ku America atsogoleri a ufulu sadakhalitse pamodzi. San Martín, atakumana ndi Bolívar ku Guayaquil mu 1822, adatula udindo napita ku Ulaya, kumene adamwalira mu 1850. O'Higgins adachotsedwa mu 1823 nakafera ku Peru. Agustín de Iturbide, amene adabweretsa ufulu wa Mexico, adadziveka ufumu mu 1822 nawomberedwa mu 1824. Bolívar, poopa chisokonezo, adalembera dziko la Bolivia malamulo a mu 1826 okhala ndi pulezidenti wamuyaya, ndipo mu 1828 adatenga mphamvu zonse ku Colombia. Sizidathandize. Sucre adaphedwa panjira mu Juni 1830. Dziko lalikulu limene Bolívar adalumikiza lidagawika kukhala Venezuela, Ecuador ndi New Granada, ndipo iye adamwalira pafupi ndi Santa Marta pa 17 Disembala 1830, ali ndi zaka 47. Kwa zaka zambiri pambuyo pake maiko ochuluka a kumeneko adalamulidwa ndi akazembe a nkhondo.

Munthu amene adaoneratu ngozi yotere kuno adali Dunduzu Chisiza. M'kabuku kake kotchedwa Africa: What Lies Ahead adachenjeza kuti maiko atsopano a mu Africa angagwe m'ulamuliro wa munthu mmodzi, ndi kuti atsogoleri ozolowera kulimbana ndi mtsamunda angayambe kuona aliyense wotsutsa ngati mdani. Adaona kuti ufulu wopanda chuma chokonzedwa bwino sukhalitsa, ndipo mu Julayi 1962, ali wachiwiri ku unduna wa zachuma, adaitanitsa akatswiri a maiko osiyanasiyana kumsonkhano wa zachuma ku Blantyre. Kumayambiriro kwa Seputembala chaka chomwecho adafa pangozi ya galimoto pafupi ndi Thondwe, pamsewu wa Zomba, ali ndi zaka 32. Ambiri akhala akuikayikira imfa imeneyi.

Chenjezo lake lidapherezera pasanathe miyezi itatu ufulu utabwera. Nduna zidatsutsana ndi Dr Banda pa ndalama ya tiki yolipira kuchipatala, pa kuchedwa kopereka maudindo a boma kwa anthu akuda, pa ubale ndi Apwitikizi ndi South Africa, ndiponso pa chizolowezi chake chogamula yekha nkhani zonse. Mu Seputembala 1964 iye adachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, amene adali nduna ya za m'dziko, adatula pansi udindo pamodzi ndi Willie Chokani, ndipo Chipembere adachita chimodzimodzi atabwera kuchokera ku Canada. Ambiri adathawira kunja. Chipembere adayesa kuukira mu Febuluwale 1965 nalephera. Yatuta adalowa m'dziko ndi kagulu ka zida kudzera cha ku Mwanza, naphedwa ndi asilikali a Malawi mu Okutobala 1967. Dziko lidakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala Pulezidenti Wamuyaya, udindo umene Bolívar adaulemba zaka 145 m'mbuyomo.

Mpanda wa mtsamunda usanduka nyumba

Chotsalira ndi funso la malire. Maiko atsopano a ku America adagwirizana kuti aliyense asunge malire a zigawo za Asipanishi monga adaliri mu 1810. Mfundo imeneyi, imene akatswiri a malamulo amaitcha uti possidetis, idaoloka nyanja. Mu Julayi 1964, mwezi womwe Malawi adabadwa, atsogoleri a bungwe la Organisation of African Unity adagwirizana ku Cairo kuti adzalemekeza malire amene adawapeza polandira ufulu. Motero mzere umene Angerezi ndi Ajeremani adalemba mu 1890 udakhala malire a Malawi, ngakhale kuti Songwe amasintha njira yake madzi akasefukira ndipo mabanja ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Koma malire okha sapanga mtundu. Anthu a ku Venezuela, Ecuador ndi Colombia adali ndi chinenero chimodzi cha boma ndi mpingo umodzi, komabe adalekana. Malawi adali ndi zinenero zambiri ndi zipembedzo zingapo, koma sadagawike, ndipo ichi si chinthu chaching'ono. Boma loyamba lidamanga misewu, lidakhazikitsa Yunivesite ya Malawi, lidasamutsa likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo lidasunga bata. Komabe umodzi wina udamangidwa mokakamiza. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'manyuzipepala. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ochokera kumpoto ndiwo adakhudzidwa kwambiri. Zidzukulu za anthu amene adayamba kulankhula m'dzina la dziko lonse zidauzidwa kuti kwawo ndi chigawo chimodzi chokha.

Pamene Amalawi adafuna kukonza zimenezi, adabwerera ku njira ya mu 1912. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya mu Malichi 1992 idali chikalata cholembedwa mwaulemu, chotchula zolakwa za boma chimodzi ndi chimodzi. Mabungwe adatsatira, kenaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene anthu oposa 60 mwa 100 alionse adasankha zipani zambiri, ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Chitumbuka chidabwerera pawailesi chaka chomwecho.

Mumzinda wa Karonga muli nyumba yosungiramo mbiri imene idatsegulidwa mu 2004. Ana asukulu amathamangira mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus, ndipo palibe angawadzudzule. Koma mphunzitsi wowaperekeza ali ndi nkhani ina yowauza akatuluka panja. Pafupi pomwepo pali manda a nkhondo ya mu 1914. Kumadzulo kuli Mbande ndi malo a malinga a Mlozi, kumpoto kuli Songwe, ndipo kumwera kuli kwawo kwa abale awiri a Chisiza, amene wina adachenjeza ndi cholembera, wina nafa ndi mfuti m'manja. Ambiri mwa ana amenewo amalankhula Kyangonde kapena Chitumbuka kunyumba, amamva Chiswahili pamsika, ndipo amalemba mayeso m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ngati mwana wotere akula akudziwa kuti Lilongwe ndi Nsanje n'kwawonso, ndi kuti kudzudzula boma mwadongosolo si kugalukira dziko, ndiye kuti ntchito imene Muhango ndi Mumba adayamba ikupitirira. Ngati sakudziwa, pa 6 Julayi padzakhala tsiku lopuma chabe.